Momwe mungatsatirire Laver Cup osasochera ndi mapointi

Chaka chonse osewera tenisi amalimbana aliyense payekha. Koma kwa masiku atatu mu September, patapita masabata awiri mpikisano waukulu wa US Open utatha, akatswiri aamuna amagawana matimu awiri: a ku Ulaya amavala zabuluu, a m'maiko ena onse amavala zofiira, n'kukumana pa bwalo lakuda bii la m'nyumba. Umenewu ndiye mpikisano wa Laver Cup, Team Europe ndi Team World. Munthu wozolowera mpira wamiyendo akaona 8–4 Loweruka usiku amaganiza kuti nkhani yatha, pomwe kuno imakhala isanayambe n'komwe. Nayi njira youtsatira bwino.

1. Dziwani kaye amene akusewera

Chikhochi chinayamba mu 2017 ku Prague. Amene anachiyambitsa ndi Roger Federer ndi kampani yake ya TEAM8, mothandizana ndi Tennis Australia komanso mpondamatiki wa ku Brazil, Jorge Paulo Lemann. Dzina analitenga kwa Rod Laver wa ku Australia, yemwe anapambana zikho zonse zinayi zikuluzikulu m'chaka chimodzi, ndipo anachita zimenezi kawiri, mu 1962 ndi mu 1969.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6. Atatu amalowa malinga ndi malo awo pa mndandanda wa ATP, bungwe loyendetsa tenisi ya amuna, mpikisano wa French Open ukangotha, atatu enawo amasankhidwa ndi kaputeni. Kuchokera mu 2017 mpaka 2024 makaputeni anali Björn Borg ku Europe ndi John McEnroe ku World, anthu omwe ankapikisana koopsa ali achinyamata. Kuyambira 2025 mipandoyo ili ndi Yannick Noah ndi Andre Agassi. Musanayambe kuonera, lembani mayina 12 amenewa papepala, 6 mbali ino, 6 mbali inayo. Pepalalo mulifuna posachedwa.

2. Lowezani kawerengedwe ka mapointi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ngati mungaiwale zina zonse, izi zokha musaiwale. Masewero onse ndi 12, anayi tsiku lililonse: atatu a mmodzimmodzi ndi amodzi a awiriawiri. Wopambana Lachisanu amapatsa timu yake pointi 1. Loweruka ndi mapointi 2. Lamulungu ndi mapointi 3. Onse pamodzi ndi 24, ndipo timu yoyamba kufika pa 13 ndiyo imanyamula chikho.

Tawerengani nokha. Lachisanu pali mapointi 4, Loweruka pali 8. Ngakhale timu itapambana masewero onse a masiku awiriwo, ikhala pa 12, kutsala imodzi. Choncho palibe amene angatenge chikho Lamulungu lisanafike, ndipo theka la mapointi onse limakhala likudikira tsiku lomalizalo.

Ku London mu 2022, Europe inagona Loweruka ikutsogola 8–4. Kutacha, Félix Auger-Aliassime ndi Jack Sock anapambana za awiriawiri, zinthu n'kukhala 8–7. Auger-Aliassime yemweyo anabwereranso n'kugonjetsa Novak Djokovic, World n'kudumphira pa 10. Kenako Frances Tiafoe, mwana wa makolo ochokera ku Sierra Leone, anapulumuka kangapo pamene Stefanos Tsitsipas ankangofuna pointi imodzi kuti amalize, mpaka anamugwetsa. World inatenga chikho koyamba, 13–8, Europe osawonjezerapo kanthu tsiku lonselo. Ku Berlin mu 2024 zinatembenuka: World ndiyo inali patsogolo 8–4, inafika mpaka pa 11–7, koma Alexander Zverev anagonjetsa Tiafoe, Carlos Alcaraz n'kumaliza Taylor Fritz, Europe n'kupambana 13–11.

Zikathera 12–12, pamaseweredwa seti imodzi ya awiriawiri yoti ilekanitse.

3. Mvetsani momwe sewero limodzi limathera

Kwa amene tenisi mwayamba kumene: mkati mwa gemu amawerenga 15, 30, 40, kenako gemu yatha. Onse akafika 40 amati deuce, ndipo pamafunika mapointi awiri otsatizana. Woyamba kufika magemu 6, atasiya mnzake ndi awiri, watenga seti. Zikafika 6–6 amasewera tiebreak, gemu yolekanitsa, ya mapointi 7.

Chosiyana ku Laver Cup n'chakuti akagawana maseti awiri oyamba, sasewera seti yachitatu yathunthu. Amapita ku tiebreak ya mapointi 10, wopambana asiye mnzake ndi awiri. Ndi mphindi zochepa chabe, ndipo m'mphindi zimenezo wosewera wotsika pa mndandanda amatha kugwetsa chimphona. Kevin Anderson wa ku South Africa, atavala zofiira ku Chicago mu 2018, anagonjetsa Djokovic m'njira yomweyi. Mukaona seti yachiwiri ikupendekera kwa amene analuza yoyamba, si nthawi yopita kukaika madzi pamoto.

4. Tsatirani nzeru za makaputeni

Tsopano tengani pepala lija. Malamulo akuti wosewera aliyense asewere sewero la mmodzimmodzi kamodzi m'masiku awiri oyamba. Popeza masewero a mmodzimmodzi ndi atatu Lachisanu ndi atatu Loweruka, ndiye kuti onse 6 amalowa kamodzikamodzi. Palibe amene amaloledwa kusewera za mmodzimmodzi kupitirira kawiri pa mpikisano wonse. Za awiriawiri, osewera osachepera anayi ayenera kutengapo mbali, ndipo anthu awiri omwewo sabwerezanso limodzi, kupatula pa seti yolekanitsa ija.

Ndiye Lachisanu muzichonga aliyense amene walowa. Atatu otsala opanda chonga ndi amene mudzawaone Loweruka, ndipo kawirikawiri amakhala akuluakulu a timuyo, chifukwa kaputeni sangawononge katswiri wake pa pointi imodzi pomwe mawa pali ziwiri. Zili ngati pa bawo, pomwe wodziwa sathamangira kudya njombwa ziwiri zapafupi akuona kuti kutsogolo kuli zambiri. N'chifukwa chake Lachisanu mumaona achinyamata ndi osankhidwa ndi kaputeni. Musalinyoze tsikulo. Pointi imodzi ya Lachisanu imatha kusintha kuchuluka kwa masewero amene timu iyenera kupambana Lamulungu: ya pa 7 ikufunika awiri, ya pa 6 ikufunika atatu.

Loweruka likatha, dzifunseni kuti mukanakhala kaputeni mukanatuma ndani poyamba, ndani pomaliza. Womuika pomaliza akhoza osasewera n'komwe. Womuika poyamba akhoza kukhala atatopa ndi za awiriawiri. Mu 2025 ku San Francisco, Fritz anagonjetsa Alcaraz Loweruka, ndipo Lamulungu anagonjetsa Zverev n'kupatsa Agassi chikho m'chaka chake choyamba, 15–9.

5. Muziyang'ana benchi

Ine chimene chimandikoka ku mpikisanowu ndi ichi. Timu yonse imakhala pambali pa bwalo pomwepo, ndipo makamera ndi maikolofoni amakhala pafupi. Wosewera akakhala pansi kuti apume, thaulo kumaso, botolo lamadzi m'manja, anzake amamuzungulira n'kumamuuza poti aponyere mpira ndi poti aime. Munthu amene masabata apitawo ankafuna kumuchotsa mu US Open ndi amene lero wawerama kumbuyo kwake akumulimbikitsa. Kwezani voliyumu pa nthawi yopumirayi, chifukwa muphunzira zambiri za tenisi pomva Federer ndi Rafael Nadal akulangiza mnzawo kuposa pomvera owulutsa. Makanema akale a zimenezi alipo ambiri pa YouTube.

Ena amati Laver Cup ndi chionetsero chabe, poti sipereka mapointi a pa mndandanda wa ATP. N'zoona kuti sipereka, ngakhale bungwe la ATP linaulandira m'ndondomeko yake mu 2019. Koma onerani usiku wa pa 23 September 2022, pamene Federer anasewera komaliza, ali limodzi ndi Nadal. Sock ndi Tiafoe sanawamvere chisoni, anawagonjetsa 11–9 pa tiebreak yomaliza. Pambuyo pake Federer ndi Nadal anakhala pabenchi moyandikana, atagwirana manja, onse akulira. Anthu amene angobwera kudzasangalatsa oonerera sasewera motero.

6. Konzani nthawi ndi poonera

Mpikisanowu umasinthana, chaka china ku Ulaya, chaka china kunja kwa Ulaya: Prague, Chicago, Geneva, Boston, London, Vancouver, Berlin, San Francisco. Mu 2020 sunachitike chifukwa cha Covid-19, ndipo wa 2026 anaupatsanso London. Zimenezi zimakhudza tulo tanu. Ukakhala ku Berlin kapena Geneva, nthawi yawo mu September ndi yofanana ndi ya ku Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Johannesburg. Ku London tili patsogolo ndi ola limodzi, choncho 7 koloko madzulo kumeneko ndi 8 koloko kuno. Ukapita ku San Francisco kapena Vancouver kusiyana kwake ndi maola 9, ndipo masewero ausiku amatipeza mbandakucha.

Pa webusayiti ya mpikisanowu, lavercup.com, amaika ndandanda ya tsiku lililonse ndi mayina a makanema owulutsa m'chigawo chilichonse. Yang'anani kumeneko sabata isanafike, osati tsiku lomwelo. Ngati muonera pa foni, tchajani mokwanira, tsitsani kawonekedwe ka kanema kuti bandulo isathe msanga, ndipo yambiri muisungire Lamulungu. Ngati bandulo ndi yochepa, tsatirani zotsatira zolembedwa Lachisanu ndi Loweruka, n'kuonera tizidutswa tachidule usiku.

7. Lamulungu musachedwe

Tsiku lomaliza amayamba ndi za awiriawiri, ndipo timu ikangofika pa 13 masewero owerengera mapointi athera pomwepo. Ku Boston mu 2021 Europe inafika Lamulungu ili pa 11–1, sewero loyambalo n'kutseka nkhani pa 14–1. Ku Vancouver mu 2023 World inali pa 10–2, Tiafoe ndi Ben Shelton anapambana za awiriawiri, basi 13–2. Choncho Loweruka usiku onani mapointi: ngati timu ina ili pa 10 kapena kupitirira, ikungofunika sewero limodzi, ndipo muyenera kukhala mutakhala kale pansi mpira woyamba usanaponyedwe.