Posanthula uthenga wotsatsa malonda, yambani ndi mbiri yake

Ophunzira a pakoleji amene mwapatsidwa ntchito yosanthula uthenga wotsatsa malonda, musathamangire kufotokoza mitundu ndi zithunzi zokha, chifukwa zimenezo mphunzitsi akuziona yekha. Yambani mwafufuza kuti uthengawo unatuluka liti, unkalunjika kwa yani, ndiponso kuti eni malondawo anali pa vuto lanji nthawiyo.

Taonani za ndudu za Marlboro ku America. Poyamba zinkatsatsidwa kwa akazi, koma kuyambira cha mu 1954 kampani ya Leo Burnett ya ku Chicago inayamba kuonetsa mwamuna woweta ng'ombe, pofuna kuti amuna asachite manyazi kusuta ndudu zokhala ndi fyuluta, pamene mbiri yoti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo inali itayamba kufala. Wophunzira wosadziwa zimenezi amangolemba za chipewa ndi nkhope ya munthuyo, ndipo cholinga chenicheni cha chithunzicho chimamudutsa.

Mukafika polemba, sankhani mfundo imodzi yoti muiteteze, ndipo chiganizo chilichonse chichirikizidwe ndi chinthu chooneka kapena cholembedwa mu uthengawo. Gwero la chilichonse chimene mwawerenga muzililemba nthawi yomweyo, pakuti kulifunafuna usiku woti mawa mupereke ntchito n'kovuta kwambiri.