Momwe mungakhalire mmisiri wosula zitsulo zaluso

Mukadutsa ku Ndirande kapena ku Mchesi, m'mbali mwa msewu mumaona mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi achitsulo zili ndandanda. Anyamata owotcherera amagwira ntchito, palibe angatsutse. Koma yang'anitsitsani magetiwo. La uyu ndi la uyo kusiyana kwake ndi utoto basi, chifukwa onse amagula machubu ndi timaluwa tachitsulo topangidwa kale, n'kungolumikiza. Kasitomala akabwera nkhani imangokhala ya mtengo, ndipo wotchipitsa ndi amene amadya.

Wosula waluso amatenthetsa chitsulo mpaka chifewe, n'kuchiumba ndi nyundo monga amachitira ndi dothi mayi woumba mbiya. M'manja mwake mumatuluka mageti, zotchingira masitepe ndi makhonde, zoikapo nyali, mitanda ya kutchalitchi ndi ziboliboli zomwe simungazipeze kwina. Si ntchito yobwera ndi azungu. Aphoka a ku mapiri a Nyika ankayenga okha chitsulo m'ng'anjo zadothi n'kusula makasu, ndipo zotsalira za ng'anjo zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Njira yolowera ntchitoyi ndi iyi.

1. Phunzirani kuwiri

Sukulu yoyamba ndi ya ntchito zamanja. Kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, mutha kupeza malo m'makoleji monga Lilongwe Technical College n'kuphunzira kuwotcherera, kuyeza ndi kuwerenga mapulani. Musapeputse zimenezi, chifukwa geti lokongola koma losakwana pakhomo ndi chitsulo chotaya.

Sukulu yachiwiri ilibe satifiketi. Funsani pamsika amene amasula nkhwangwa ndi zikwanje zomwe zikugulitsidwapo, mumulondole mpaka pachipala pake, pamalo pomwe amasulira. Pitani mwaulemu, muwauze bambowo kuti mwabwera kudzapukusa mvukuto, chopemerera moto chija, ndi kunyamula makala. Ku Britain kuli Hereford College of Arts komwe munthu amatenga digiri ya kusula kwaluso, koma kaonedwe ka moto kamene amaphunzitsa kumeneko ndi komwe mkulu wa nkhwangwayu ali nako kale m'maso.

2. Mangani chipala chanu

Apa ambiri amaganiza za ndalama zankhaninkhani, chonsecho zofunika ndi zinayi zokha: moto, mpweya, chosulirapo ndi nyundo.

Moto mutha kuusonkha m'dzenje laling'ono lomatidwa ndi dothi la pachulu, kapena mu dramu ya mabuleki a lole yoimika pa miyendo yachitsulo. Mpweya uzilowa ndi paipi kuchokera pansi kapena m'mbali. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi umagwirabe ntchito, ndipo ena amalumikiza fani ku gudumu la njinga n'kumapukusa ndi dzanja. Ubwino wake, magetsi akazima anzanu owotcherera ali pamthunzi kusewera bawo, inu nyundo ikulirabe.

Chosulirapo chenicheni n'chodula, choncho yambani ndi chitsulo chilichonse cholemera ndi chosalala pamwamba, monga mutu wa nyundo yaikulu yoswera miyala kapena chidutswa cha ekiselo ya lole. Chikhomereni pa chitsa kuti chisagwedere, msinkhu wake ufike pa nkhonya yanu mutaimirira manja ali pansi. Chikatsika kwambiri msana udzakuuzani. Nyundo ikhale ya kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Yolemera kwambiri imaoneka yachamuna tsiku loyamba, pakutha mwezi chigongono chatupa.

Makala aduleni tizidutswa tofanana ndi masuku kuti moto ugwirane. Kumbukirani kuti lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndiye gulani makala kwa amene ali ndi chilolezo, kapena yesani malasha ngati a ku Mchenga ku Rumphi, ngakhale utsi wake ndi wambiri ndipo amafuna mpweya wosadukiza. Zitsulo zakale muzigula kwa ogulitsa odziwika. Wina akakubweretserani chidutswa cha njanji kapena chitsulo cha pa mlatho usiku, mubwezeni nacho.

3. Phunzirani kuwerenga mtundu wa chitsulo

Ntchito yonse yagona apa. Chitsulo wamba chimasulika bwino pakati pa madigiri 900 ndi 1,200, koma pachipala palibe amene amayeza ndi makina. Mumaona mtundu. Chikamatentha chimayamba kufiira moderako, kenako kufiira kowala, n'kudzafika pa mtundu wa lalanje, kenako chikasu. Pa lalanje ndi pa chikasu ndi pomenya. Chikabwerera ku kufiira koderako chibwezereni pamoto, chifukwa kumenya chitsulo chozizira n'kungodzitopetsa, ndipo chimang'aluka. Chikayera n'kuyamba kuthetheka, mwachiwotcha, kumapetoko duleni mutaye.

N'chifukwa chake chipala chimafuna mthunzi. Padzuwa la mu Okutobala chitsulo cha lalanje chimaoneka ngati sichinatenthe n'komwe.

Chowopsa kwambiri si chofiira ayi, koma chakuda. Chitsulo cha madigiri 400 chimaoneka ngati chozizira, koma chikakhudza chikhatho khungu limatsalira pomwepo. Chilichonse chili pafupi ndi moto chigwireni ndi zopanira. Valani magalasi oteteza maso, nsapato zachikopa ndi zovala za thonje, osati jezi ya mpira yomwe imasungunukira pathupi. Ndipo musaike pamoto chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi amadzi otuwa aja kapena malata, pakuti utsi wake umadwalitsa, munthu n'kugona akunjenjemera ngati wagwidwa malungo.

4. Sulani ngowe makumi asanu

Tengani chitsulo chobulungira cha mamilimita 10. Songolani nsonga, ipindeni kukhala ngowe yokolekapo chikhoto, phwathalitsani mbali inayo n'kuboola pakadali potentha. Kangowe kameneka kali ndi maphunziro anayi: kusongola, kupinda, kuphwathalitsa ndi kuboola. Yoyamba idzakhala yochititsa manyazi. Pitirizani mpaka khumi zotsatizana zifanane ngati mapasa, chifukwa geti limodzi lingafune timapindo makumi anayi tofanana, ndipo diso la mwini nyumba limagwera pa kamodzi kokhota.

Mukatero onjezani kupota chitsulo cha ngodya zinayi, kuzunguliza nsonga ngati chigoba cha nkhono, ndi kusula tsamba lokhala ndi mitsempha yake.

5. Zipangizo zina dzipangireni

Zopanira, tchizulo ndi zoboolera wosula sagula. Masipuling'i akale a galimoto ndi chitsulo cholimba choyenera ntchitoyi. Mukamaliza kuumba tchizulo, itenthetseni mpaka maginito aleke kukakamira, zomwe zimachitika cha pa madigiri 770, muonjezere kutentha pang'ono, n'kuiviika m'mafuta ophikira. M'madzi ikhoza kung'aluka, ndipo oyilo wakutha wa galimoto utsi wake ndi woipa. Ikatero yauma kwambiri moti ingathyoke ngati galasi. Ipukuteni iwale, muitenthetse pang'onopang'ono mpaka kunsonga kuoneke mtundu wa udzu wouma, n'kuiziziritsanso.

6. Jambulani musanayatse moto

Ntchito ya panyumba imayambira papepala, kenako ijambuleni ndi choko pa simenti mu kukula kwake kwenikweni, kuti chidutswa chilichonse muzichiyeza pamenepo. Pitani nokha mukayeze pamalopo, musakhulupirire miyeso ya pafoni. Zotchingira khonde la nyumba yosanja zikhale zotalika mita imodzi, mipata yake isapitirire mamilimita 100 kuti mutu wa mwana usalowe. Ndiwo muyeso wa malamulo a zomangamanga ku South Africa, ndipo ndi wanzeru kulikonse.

Polumikiza, makina owotcherera sindikuwaletsa, koma phunziraninso kukhoma misomali yotentha ndi kumanga zitsulo ziwiri ndi kalamba, kachitsulo kopyapyala kozikulunga pamodzi ngati lamba. Mfundo zoterezi zimaoneka, ndipo ndi zimene munthu amaima n'kuzisisita. Za maluwa a m'makatalogi a ku Ulaya, ine ndimati tazisiyani. Tili ndi chambo, ngala ya chimanga, mizere ya pa lichero ndi pa mphasa. Pomaliza palani dzimbiri lonse, pakani red oxide, woteteza ku dzimbiri uja, kenako utoto kawiri, makamaka ngati ntchitoyo ikupita kunyanja ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay komwe chinyezi sichichedwa kudya chitsulo.

7. Ndalama

Ziboliboli zimabweretsa dzina, koma nsima ya tsiku ndi tsiku imachokera ku mageti ndi tinthu ting'onoting'ono. Philip Simmons wa ku Charleston ku America, yemwe anabadwa mu 1912, anayamba ali ndi zaka 13 pachipala chokonza ngolo ndi nsapato za akavalo. Magalimoto atachuluka ntchito ija inatha, iye n'kutembenukira ku mageti okongoletsa. Pomwalira mu 2009 anali atasiya ntchito zoposa 500 mumzindawo, ndipo zina zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Kufupi kuno, Gonçalo Mabunda wa ku Maputo amawotcherera mfuti ndi zipolopolo zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique kukhala mipando yachifumu ndi zigoba za kumaso, ndipo zimaonetsedwa m'maiko akutali.

Powerengera mtengo phatikizani chitsulo, makala, utoto, mayendedwe, tsiku lokaika, ndi maola anu onse, kuphatikizapo ojambula aja. Landirani theka musanayambe, ndipo lembani kuti mtengowo ugwira ntchito kwa masabata awiri okha. Amene anali ndi maoda pamanja kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chifukwa chake.

Lembetsani bizinesi yanu, chifukwa mahotela ndi makontrakitala amafuna invoisi. Ntchito iliyonse ijambuleni masana isanachoke ndiponso itaikidwa, muike pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma kwa akatswiri olemba mapulani a nyumba pitani nokha ndi chidutswa m'manja, kaya tsamba losula kapena mfundo ya kalamba, muchisiye patebulo pawo. Musanachipereke, dindanipo chizindikiro chanu chikadali chofiira, ndi kachidindo kosula kuchokera ku sipuling'i yomwe ija.