Ngati mukugulitsa boti la matanga lomwe simunamalize kukonza

Langa linakhala kuseri kwa nyumba ku Chilomoni zaka zitatu, chifukwa ndinkaumirira kuti wogula abweze ndalama zonse zimene ndinathirapo. Anzanga, zimenezo sizitheka. Wogula sawerengera thukuta lanu. Iye akuona ntchito yatsala, komanso mtengo wa lole yoti ilinyamule kudutsa Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi kapena Monkey Bay, poti Blantyre ilibe nyanja. Tsitsani mtengo moganizira ulendo umenewo.

Chonde musapake penti pamalo owola. Wodziwa maboti amabwera ndi sikuludiraiva n'kumabaya matabwa a pansi, ndipo ikangolowa ngati pa mbatata yophika, sakhulupiriranso mawu anu ena onse. Ine ndinazunguliza ndi choko paliponse pofewa ndi pamene chiswe chinadya, n'kujambula zithunzi masana dzuwa likuwala. Amene anagula anandiuza kuti choko chija n'chomwe chinamukopa.

Sonkhanitsani zonse malo amodzi: mlongoti, chiwongolero, zingwe, mabawuti m'zitini zolembedwa, malisiti, ndi mapepala a umwini ngati alipo. Matanga ayaleni pabwalo muone ngati mbewa kapena nkhungu sizinawononge. Akakhala abwino, nthawi zina amagulika okha msanga kuposa botilo.

Lengezani pa Facebook, komanso uzani eni malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi Senga Bay. Gulitsani mvula ya Novembala isanayambe, chifukwa madzi akadikha m'kati matabwa amawola msanga. Ndipo boti lisatuluke pageti ndalama isanalowe yonse.