Buku la pa kaunjika: yambani mwaona tsamba lomaliza

Mukatola buku pa mulu wa ogulitsa m'mbali mwa msewu, musathamangire chithunzi cha pa chikuto. Litembenuzeni muone kaye ngati tsamba lomaliza lilipo. Sindikuti muwerenge mathero, ayi. Phimbani ndi chikhatho, mungosuzumira mzere wapansi penipeni. Ngati chiganizo chatha bwinobwino ndipo m'munsi mwatsala malo oyera, kapena kutsogolo kwake kuli masamba otsatsa mabuku ena, yambani kunenerera mtengo. Ngati chathera m'malere, libwezeni pa mulu.

Ine zinandionekera. Chaka china ndinagula buku lonenepa ku Limbe, nkhani ya mayi wofunafuna munthu amene anapha mwamuna wake. Ndinaligwira masiku atatu, nsima ikuzizira pa tebulo, akunyumba akundiitana ine ndikungoti "ndikubwera". Usiku wachitatu mayi uja anafika pa chitseko cha chipinda, mfuti ili m'manja, nagwira chotsegulira. Ndinatembenuza tsamba n'kukumana ndi chikuto. Masamba otsiriza anali atathothoka kalekale, ndipo munthu amene anali kuseri kwa chitsekocho ayenera kuti anakathera kokulungira mtedza. M'mawa ndinabwerera kwa wogulitsa uja. Anangoseka n'kuti, "Akulu, ine ndimagulitsa, sindiwerenga."

Choncho mukaona mathero, tsegulaninso pakati. Likalira kuti "thwa" pamsana, guluu anauma ndipo masamba ayamba kuyoyoka musanafike theka. Yendetsani chala m'mphepete mukuyang'ana manambala ngati akutsatana. Linunkhizeninso. Fungo la pepala lakale ndi labwino, koma la nkhungu lidzakutsokomoletsani usiku wonse. Pa mtengo, musaonetse kuti mwalikonda. Tolani atatu, limene mukulifunalo likhale pakati, mufunse mtengo wa onse pamodzi.

Mabuku osangalatsa a pa milu imeneyi ndimawagawa pawiri. Alipo a mfuti, akuba, akazitape ndi apolisi ofufuza milandu, amene amakugwira pakhosi chifukwa ukufuna kudziwa chichitike n'chiyani. Ndiye alipo a anthu olemera ndi otchuka, a nyumba zokhala ndi madamu osambira, maukwati otha ngati makatani, kaduka wa akatswiri a mafilimu. Awa amakoma ngati miseche ya pa chigayo, kungoti onenedwawo amayenda pa ndege zawozawo.

Ngati Chingerezi chimakutopetsani, yambani ndi timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977. Olemba ake ambiri ndi a ku Africa konkuno, nkhani zambiri zimachitikira ku Lagos kapena ku Nairobi, ndipo Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo nayenso analembako. N'topyapyala, kamodzi mumatha Loweruka masana. Mukazolowera, pitani kwa James Hadley Chase. Mkuluyu anali Mngelezi wobadwira ku London, dzina lake lenileni René Raymond, koma buku lake loyamba la mu 1939 analiika ku America atangodalira mapu ndi buku la mawu a zigawenga za kumeneko. Ndimanena izi kuti musamatenge mabukuwa ngati phunziro la za maiko. America ya m'menemo ndi ya m'mutu mwake, ndipo imakoma choncho.

Amene amandilanda tulo ine ndi Sidney Sheldon. Anayamba kulemba mabuku a nkhani atapitirira zaka 50, loyamba linatuluka mu 1970, pambuyo pa zaka zambiri akulemba mafilimu ndi masewero a pa wailesi yakanema. Dzanja limenelo limaoneka: chaputala chilichonse amachidula pamene mtima wako uli m'mwamba, monga achitira pa kanema akafuna kuti mubwerenso mawa. Mankhwala ake ndinawapeza mochedwa. Musalekeze kumapeto kwa chaputala, chifukwa pamenepo ndi pa msampha. Lowani chaputala chotsatira, muwerenge masamba awiri kapena atatu mpaka pamene anthu akhala pansi n'kuyamba kumwa khofi, ikani kapepala pomwepo, zimitsani nyali. Mukapanda kutero mudzamva tambala akulira muli pa tsamba 300, kuntchito n'kukagwa mphwayi.

Ku mbali ya anthu otchuka, mfumukazi yake ndi Jackie Collins, mng'ono wake wa Joan Collins wa mu sewero la Dynasty. Anabadwira ku London koma anakhala zaka zambiri ku Los Angeles, pakati pa anthu omwewo amene ankawalemba, n'chifukwa chake Hollywood Wives litatuluka mu 1983 owerenga ankapikisana kuloza kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Koma ndikuchenjezeni: mayiyu sankaphimba mawu pa nkhani za kuchipinda. Buku lake loyamba la mu 1968 linaletsedwa ku Australia ndi ku South Africa. Si buku losiya pa mpando wa pabalaza apongozi akubwera, kapena mwana wa Sitandade 7 amene wayamba kumva Chingerezi ali pafupi. Ine ndimalikutira ndi nyuzipepala, luso limene tinaphunzira ku sekondale yogonera komweko, kumene buku limodzi linkazungulira chipinda chonse litavala chikuto cha buku la Jogalafe. Akuluakulu amene anakula nthawi ya Kamuzu amadziwa bwino luso limeneli, poti bungwe loona za mabuku ndi mafilimu, limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1968, linaletsa mabuku ambirimbiri.

Tsopano kawerengedwe kake. Dikishonale isiyeni pa shelefu. Ndikudziwa aphunzitsi athu anatiuza kuti liwu lililonse lachilendo tizilifufuza, koma mabuku awa analembedwa kuti azithamangidwa, ndipo mukamaima pa liwu lililonse zili ngati minibasi yoima pa mtengo uliwonse. Munthu akatulutsa chinthu m'thumba la jekete, wina n'kugwa pansi magazi ali chuchuchu, simufunika kuuzidwa kuti liwu lija ndi mtundu wa mfuti. Liwu likabwera kachitatu mukadali mumdima, pamenepo ndiye lifufuzeni pa foni, kenaka foniyo muiike kutali. Mukaisiya pa ntchafu, WhatsApp ikulandani bukulo.

Chimene chimasokoneza kwenikweni ndi maina. Mabuku a anthu olemera amayamba ndi mabanja anayi kapena asanu nthawi imodzi, aliyense ndi mkazi wake wakale, chibwenzi, loya ndi woyendetsa galimoto. Kapepala kamene ndimasungira tsamba ndimalembapo maina ndi pensulo, aliyense ndi mawu awiri: "wadazi, wa ndalama", "mkazi wachiwiri", "wabodza uja". Pofika tsamba 60 kapepalako sikafunikanso.

Ndipo buku likakana, lisiyeni. Ine ndimalipatsa masamba 40. Ngati pofika pamenepo palibe wafa, palibe wanamizidwa, palibe amene ndikumuopera, ndimalitseka popanda kupepesa. Palibe mayeso kutsogoloku. Mnzanga wina wa kuntchito amandinyogodola kuti ndimawerenga zachabechabe, bwanji osagwira mabuku ophunzitsa kulemera. Iye ali ndi atatu oterowo pa desiki, onse kapepala kali pa tsamba 12. Sindilimbana naye.

Malo owerengera sasowa. Pa mzere wa ku banki ndatsirizirapo mabuku angapo. Mu minibasi zimatheka ngati mwakhala pawindo ndipo msewu ulibe maenje ambiri, apo ayi mutu umazungulira. Magetsi akazima, katochi kovala pamutu kamaposa kandulo, amene anandiwaulirapo nsidze. Ngati ndalama yavuta, kalembetseni ku National Library Service, koma dziwani kuti mabuku otchukawa sakhalitsa pa shelefu, muzifunsa amene angobwezedwa kumene.

Za kubwereketsa ndiye ndinaumitsa mtima. Buku lokoma likatuluka pakhomo silibwerera, limapita kwa mlamu wa mnzako, kuchoka apo kwa mnzake wa mlamuyo ku Mzuzu. Masiku ano ndimasinthanitsa basi: bwera ndi lako, utenge langa, ndipo lakolo ndiliona kaye tsamba lomaliza uli pomwepo. Mlongo wanga anakwiya nditamuchita zimenezi mwezi watha, akuti, "Achimwene, mpaka ine?" Ndinamuuza kuti inde, mpaka iye. Buku lakelo linali lathunthu, la kazitape wa ku Berlin, ndipo ndili pa tsamba 212. Munthu amene ndinamulemba pa kapepala kuti "wokhulupirika" wangotulutsa kumene mfuti m'galimoto.