Space Echo RE-201 yafooka mawu? Yambani ndi mahedi

Mwafunsa chochita ndi Roland RE-201, makina oikira eko m'mawu, yomwe eko yake ikumveka motsamwa komanso mogwedera. Makinawa anatuluka mu 1974 ndipo amayendera tepi, ndiye kawirikawiri vuto limangokhala litsiro.

Zimitsani, muzule pulagi. Tsegulani chivundikiro chapamwamba, muchotse tepi mosamala. Mahedi, tizitsulo tomwe tepi imakhudza ikamayenda, alipo asanu: yofufutira, yojambulira ndi atatu obwezera mawu. Nyowetsani kathonje kotokosera m'khutu ndi sipiriti wa isopropyl alcohol, mupukute hedi iliyonse mpaka kathonje kasiye kutuluka kofiirira. Pukutaninso capstan, kachitsulo kozungulira kokoka tepi kaja.

Pinch roller, kagudumu kopanikiza tepi pa capstan, ndiye musamale nayo, ndi ya labala. Kansalu konyowa ndi madzi kakwana, sipiriti amaiumitsa. Mukaipeza yauma gwa kapena yang'aluka, musavutike nayo, gulani ina. Kugwedera kuja nthawi zambiri kumachokera pomwepo.

Zikauma, ikani tepi yatsopano. Yakale ija imanyenyeka, ingodetsanso mahedi tsiku lomwelo.

Musanayatse, werengani kaye mphamvu ya magetsi yolembedwa kumbuyo kwa makinawo. Makina ogulidwa ku Japan amakhala a 100V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, mumva fungo la chopserera.