Momwe mungayezere zitsulo zapoizoni m'madzi a m'mbali mwa nyanja pogwiritsa ntchito nkhono

Madzi otungidwa pagombe amangokuuzani za ola limene mwatungalo. Mafunde akasintha, kapena fakitale ikatseka paipi yake, zotsatira nazo zimasintha. Komanso mtovu, cadmium ndi mercury zimapezeka zochepa kwambiri m'madzi moti kuziyeza n'kovuta. Nkhono zam'nyanja za zigoba ziwiri, zimene zimamatirira pamiyala, zimathandiza pamenepa: sizichoka pamalo, zimasefa madzi ambiri tsiku lililonse, ndipo zitsulozo zimaunjikana m'mnofu mwake kwa milungu ndi miyezi. Wasayansi Edward Goldberg wa ku Scripps Institution of Oceanography, malo ofufuzira za nyanja ku America, ndiye anapereka ganizo loyeza magombe mwa njirayi mu 1975, ndipo bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, la NOAA, lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 1986.

Yambani ndi kusankha malo: ena pafupi ndi doko, mathiriro a mtsinje kapena paipi ya zonyansa, ndi amodzi akutali, oyera, ofananitsira. Sankhani mtundu umodzi wa nkhono, kaya Mytilus edulis kapena Perna perna, ndipo musausinthe. Mitundu yosiyana imasunga zitsulo mosiyana.

Pamalo aliwonse tolani nkhono 25 mpaka 50 za msinkhu wofanana, mwachitsanzo masentimita 4 mpaka 6, madzi ataphwa, pamlingo womwewo wa gombe. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Nkhono yaing'ono ndi yaikulu za pamwala umodzi zimapereka manambala osiyana. Nyengo nayo imasokoneza: nkhono ikanenepa ndi mazira, chitsulo chimawoneka chochepa chifukwa mnofu wachuluka, ndipo ikaikira mazirawo n'kuwonda, nambala imakwera ngakhale madzi sanasinthe. Choncho tolani mwezi womwewo chaka chilichonse, kunja kwa nyengo yoswana. Musatole nkhono zomatirira pazitsulo kapena pamitengo yopakidwa mankhwala.

Tsukani zigoba ndi madzi a pamalopo, kenako ikani nkhonozo m'madzi a m'nyanja osefedwa kwa maola 24 kuti zitulutse matope a m'matumbo. Mukadumpha gawoli, mudzayeza matope m'malo mwa nkhono.

Potsegula, valani magolovesi opanda ufa ndipo gwiritsani ntchito mpeni wapulasitiki, wa ceramic kapena wa titanium. Mpeni wachitsulo umasiya chromium ndi nickel m'mnofu. Chotsani ulusi umene nkhono imamatirira nawo, lembani kutalika kwa chigoba ndi kulemera kwa mnofu, sakanizani mnofu wa malo amodzi m'botolo lotsukidwa ndi asidi, n'kusunga mufiriji pa -20°C.

Ku labotale, umitsani mnofuwo ndi makina oumitsa mozizira. Uvuni wa pa 60°C ungagwire ntchito, koma kutentha kukapitirira, mercury imathawa ngati nthunzi. Perani, yezani magalamu 0.2 mpaka 0.5, sungunulani mu nitric acid, ndipo yezani ndi makina oyezera kuchuluka kwa zitsulo otchedwa ICP-MS kapena AAS. Nthawi iliyonse onjezani botolo la asidi yekha lopanda mnofu, kuti muone ngati zipangizo zanu zikuwonjezera chitsulo, komanso mnofu wa nkhono umene mlingo wa zitsulo zake ndi wodziwika kale, monga wotchedwa NIST SRM 2976. Makina akalephera kupeza nambala yodziwikayo, zotsatira zina zonse musazikhulupirire.

Samalani powerenga. Labotale imapereka manambala a mnofu wouma, pamene malire a zitsulo zololedwa m'chakudya amawerengera mnofu wauwisi. Ku European Union malirewo ndi mamiligalamu 1.5 a mtovu, 1.0 a cadmium ndi 0.5 a mercury pa kilogalamu. Popeza pafupifupi magawo 4 mwa 5 a mnofu ndi madzi, gawani nambala ya mnofu wouma ndi 5 musanafananitse, apo ayi mudzachititsa asodzi kutsekeredwa gombe popanda chifukwa. Pa zinki ndi mkuwa musadalire nkhonozi kwambiri, chifukwa thupi lake limatha kutulutsa zina mwa zitsulozi.

Kumene nkhono sizimera zokha, tengani za kumalo oyera, yezaniko zina musanayambe, ndipo zotsalazo ikani m'matumba a ukonde wapulasitiki omangirira pachingwe cha nangula. Zisiyeni miyezi 2 kapena 3. Mangani matumba angapo pamalo amodzi, chifukwa mphepo yamkuntho ndi maboti zimadula zingwe.