Kukonza ngolo ya woyendetsa kasitima ka nthunzi

Kasitima ka nthunzi n'kakang'ono kwambiri moti woyendetsa amakhala pa ngolo yokokedwa kumbuyo kwake. Pokonza ngoloyi, yambani ndi njanji. Ngati mpata wake ndi mamilimita 184, mawilo a ngolo akhale a muyeso womwewo, ndipo mpata wa pakati pa mawilo ufanane ndi wa kasitimako, apo ayi ngolo imaphonya njanji pamphambano.

Mpando ukhale wotsika. Munthu wamkulu amalemera kuposa ngolo yonse, choncho akakhala pamwamba n'kupendamira mbali kuti aone moto, ngolo imagudubuka. Ikani mpando pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo popondapo mapazi pasakhudze pansi pokhota.

Mabuleki aikidwe pangolo pano, agwire mawilo onse, chogwirira chake chikhale pafupi ndi dzanja. Lumikizani ngolo ndi kasitima ndi chitsulo cholimba chokhala ndi pini, muwonjezerepo tcheni.

Koma nkhani yaikulu kuno ndi madzi. Injekita, yomwe imalowetsa madzi m'boyila (momwe madzi amawira n'kupanga nthunzi), imakana madzi ofunda. Ku Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala, thanki yachitsulo ikakhala padzuwa imatentha msanga, injekita n'kumangotaya madzi pansi pomwe boyila ikuuma. Ku Ulongwe wa ku Angonia, komwe n'kozizira, vutoli n'lochepa. Bisani thanki pansi pa mpando, muipake penti yoyera, muike sefa potulukira madzi. Payipi ikhale yaifupi, yomangidwa bwino, chifukwa ikangoyamwa mpweya pang'ono injekita imasiyanso. Pampu yamanja yolowetsera madzi m'boyila injekita ikakana isasowe.

Bokosi la malasha likhale kutsogolo. Aphwanyeni akhale ngati mtedza, musefe fumbi, chifukwa limatseka moto.